Kutseka si kutuluka, kubisa si kufufuta

Abale anga amene tinayamwira limodzi Chichewa, pali mneni mmodzi amene wanenepa mopyola muyezo masiku ano, ndipo wanenepa chifukwa chomeza anzake. Mneniyo ndi "kupanga". Makolo athu sankamusenzetsa katundu wambiri: khasu ankasula, dengu ankaluka, mbiya ankaumba, mtondo ankasema, nyumba ankamanga. Ntchito iliyonse inali ndi mneni wake, ndipo womva ankadziwiratu chimene manja agwira. Lero munthu akangokhala pakompyuta kapena akagwira foni, zonse zasanduka zopanga. Akupanga save, akupanga delete, akupanga log out, akupanga clear. Wina pofuna kuti zimveke Chichewa amangotenga liwu lachingerezi n'kuliika ku- patsogolo, ndiye timamva kuseva, kudilita, kukiliya, kulogina. Makutu amawawa nazo, inde, koma chimene chimandisowetsa tulo n'chachikulu kuposa pamenepo. Mawu amenewa akusiya anthu athu pambalambanda, zinsinsi zawo zili poyera, iwo ali phee kuganiza kuti zonse zili m'chimake.

Ndisanapite patali, ndinene kuti kubwereka si tchimo. Chichewa chakhala chikubwereka kuyambira kalekale ndipo sichinafe nako. Nsapato, kalata ndi zenera tinazitenga kwa Apwitikizi, sukulu ndi buku kwa Angerezi, ndipo lero palibe amaziona ngati zachilendo. Kompyuta, foni ndi intaneti nazonso zalowa m'mudzi, tazilonjera, tazipatsa pokhala. Ngakhale browser, pulogalamu ija timatsegulira masamba a pa intaneti, kaya ndi Chrome, Firefox, Edge kapena Opera Mini ya m'mafoni athu, ingathe kukhalabe ndi dzina lake lomwelo kufikira tsiku limene akatswiri a ku Centre for Language Studies ku Zomba adzatigwirizanitse pa lina. Chinthu chachilendo chimabwera ndi dzina lake. Koma ntchito zimene chinthucho chimagwira si zachilendo ayi. Kusunga, kubisa, kutaya, kufufuta, kulowa, kutuluka: zonsezi agogo athu ankazichita magetsi asanafike pa Chitakale kuno ku Mulanje, ndipo anatisiyira aneni ake okwanira. Kutaya aneni amenewa ndiko ndikukana kwamtuwagalu.

Ife a kuno ku Mulanje sitifunika kuchita kuuzidwa kuti chinenero chimatha. Agogo a ambiri a ife anawoloka kuchokera ku Mozambique akulankhula Chilhomwe, n'kulowa ntchito m'minda ya tiyi ya kuno ndi ya ku Thyolo. Lero zidzukulu zawo zambiri zimangodziwa moni wokha, n'chifukwa chake a Mulhako wa Alhomwe amasonkhana pa Chonde chaka ndi chaka kuyesa kutolera zimene zinamwazika. M'makomo amenewo Chilhomwe sichinazimiririke tsiku limodzi. Chinapita liwu limodzilimodzi, anthu akuti palibe kanthu bola tamvana. Chichewa chinakwezedwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, chinapatsidwa bungwe lake la Chichewa Board mu 1972, chili ndi mtanthauziramawu wake; koma zonsezi sizingachitchinjirize ngati eni akefe tikuchithothola aneni m'kamwa mwathu momwe.

Tiyeni tsono tione zimene zimakhala m'kati mwa browser. Munthu akatsegula tsamba la pa intaneti amaganiza kuti zonse zikuchitikira kutali, m'makina a Google kapena a Facebook kutsidya kwa nyanja. Zina zimachitikiradi kumeneko, koma zambiri zimatsala pompano, m'kompyuta imene ili pamaso pake. Browser imalemba mndandanda wa tsamba lililonse limene latsegulidwa, tsiku lake ndi ola lake. Mu Chrome mndandandawu umakhala m'fayilo yotchedwa History, mu Firefox m'fayilo yotchedwa places.sqlite, ndipo aliyense amene angadine mabatani a Ctrl ndi H pamodzi amauona. Chrome imaonetsa zonse zimene zinatsegulidwa m'masiku 90 apitawo. Imasunganso mawu amene munthu analemba pofunafuna chinthu, mayina ndi manambala a foni amene anadzaza m'mafomu, mawu achinsinsi ngati anavomera kuti asungidwe, mndandanda wa zimene anatsitsa, makope a zithunzi za masamba amene anawaona, ndi timafayilo ting'onoting'ono totchedwa cookies. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Iwo ankanena za ulendo wapansi. Paulendo wa pa intaneti phazi lomwe limakupeza.

Apa ndi pamene Chichewa chimaonetsa chuma chake, ndipo amene anaphunzira msintho wa aneni kusukulu akumbukire. Tengani tsinde limodzi lokha, sunga. Ndikati "ndasunga", wachita ndine, mwadala, ndipo ndikudziwa pamene ndaika. Ndikati "yandisungira", makina achita mokomera ine, monga pamene browser yakumbukira tsamba limene ndimalikonda. Ndikati "zasungidwa", alipo wazisunga ngakhale sindinamutchule. Ndikati "zasungika", ndalowa mumsintho wam'chibisira, umene sutiuza wochita, monga timanenera kuti mbale yasweka. Ndipo zambiri za m'browser zimasungikadi motero, mwiniwake osadziwa. Koma mneni amene ndikufuna mumugwire ndi manja awiri ndi "ndasungitsa". Wosungitsa wapereka chake m'manja mwa wina, ndipo amadziwa kuti chuma chake chagona pakhomo pa eni.

Browser ikafunsa ngati isunge mawu anu achinsinsi, inu n'kuvomera muli pakompyuta ya m'shopu, simunasunge ayi. Mwasungitsa. Mwasungitsa kwa mwini shopu, kwa mnyamata wake, ndi kwa aliyense amene adzakhale pampando umenewo inu mutachoka. Wonena kuti "ndaseva" samva kusiyana kumeneku, chifukwa liwu lakelo n'loterera mbali zonse, lilibe pogwira. Koma tawauzani mayi aliwonse a pamsika kuti, "Mayi, nambala yanu yachinsinsi mwasungitsa kwa munthu wosamudziwa," muone mmene adzidzimukire.

Za cookies zija n'zofunika kuzifotokoza modekha, poti dzinalo silithandiza: wodziwa Chingerezi amaganiza za mabisiketi, wosadziwa samvapo kanthu. Anaziyambitsa ndi Lou Montulli wa kukampani ya Netscape mu 1994, patangopita zaka zochepa Tim Berners-Lee atayambitsa World Wide Web ku CERN. Vuto linali lakuti tsamba la pa intaneti palokha silikumbukira munthu: ukalifikira kawiri limakuona ngati alendo awiri. Njira imene anapeza ikufanana ndi buku lakuchipatala lija tonse tili nalo. Olembamo ndi adokotala, koma wosunga ndinu kunyumba. Mukabwereranso mumalipereka, iwo n'kuwerenga zimene analemba okha, n'kukudziwani. Cookie nayo ili choncho. Olemba ndi eni tsamba, imagona m'kompyuta yanu, ndipo browser imaipereka yokha nthawi iliyonse mukabwerera, osakufunsani. N'kanthu kochepa, ka zilembo pafupifupi 4,000 kakakulitsitsa, koma ndi kamene kamauza Gmail kapena Facebook kuti munthu uyu analowa kale, musamufunsenso mawu achinsinsi. Ndipo wotola buku la mnzake angathe kukaima pamzere m'dzina la mwiniwake. Tina mwa timafayiloti olemba ake si eni tsamba limene mwatsegula, koma amalonda amene anaikapo zotsatsa zawo, ndipo amatigwiritsa ntchito potsata mapazi anu kuchoka patsamba ili kupita pa linalo. N'chifukwa chake mayiko a ku Ulaya anaika malamulo oti masamba azipempha chilolezo kaye, ndipo ndiko kunachokera timabokosi tija timatulukira pansi pa tsamba, timene ife timangodina kuvomera tisanawerenge. Paja safunsa anadya phula.

Pitani pa Chinakanaka tsiku la msika, mulowe m'kashopu kojambula mapepala ndi kusindikiza makalata. Mupeza kompyuta imodzi, mpando umodzi, ndi anthu pamzere: mtsikana amene walemba mayeso a Fomu 4 ndipo akufuna kutumiza fomu ya ku NCHE yofunsira malo kuyunivesite, mnyamata wofunsira ntchito kuesiteti, bambo wachikulire wofuna kusindikiza chikalata chimene mwana wawo watumiza kuchokera ku Johannesburg. Mtsikana uja alowa mu imelo yake, atsitsa chikalata, asindikiza, kenaka alondolera kamuvi kukona yakumanja n'kudina X. Mnyamata wa pashopu, akuwerenga chenji, afunsa, "Achemwali, mwapanga log out?" Iye ayankha, "Eya achimwene, ndatseka." Onse awiri akhutira, koma sanamvane. Wina wafunsa m'chinenero chimene mnzakeyo amachimva mwapatalipatali, winayo wayankha funso limene sanafunsidwe. Bambo aja akakhala pampando n'kutsegula browser yomweyo, makalata onse a mtsikanayu ali yalayala pamaso pawo.

Chikhala kuti mnyamatayo anafunsa m'Chichewa chenicheni kuti, "Achemwali, mwatuluka mu akaunti yanu, kapena mwangotseka tsamba?", mtsikanayo akanaima kaye. Mwana aliyense amadziwa kuti kutseka ndi kutuluka n'zosiyana, pakuti munthu amatha kutseka iye ali m'kati momwemo. Kutseka kumachotsa tsamba pamaso, koma cookie ija imatsala pamalo pake ikunenabe kuti mwiniwake ali muno. Kutuluka ndiko kuuza eni tsamba kuti cookie imeneyo isagwirenso ntchito. Woyenera kunena kuti "ndatuluka" ndi yekhayo amene atabwereranso patsambalo lamufunsanso mawu achinsinsi. N'chimodzimodzi ndi WhatsApp ya pakompyuta, imene inayamba mu 2015. Ukailumikiza ndi foni yako pofuna kusindikiza chithunzi chimodzi, imakhalabe yolumikizika ngakhale utakwera kabaza n'kukafika kwanu, ndipo mauthenga ako amapitiriza kugwera pakompyuta ya eni kwa masiku ambiri ngati suidula wekha kuchokera pafoni.

Tibwere kwa "kudilita", mnzake wa "kuseva" pa ntchito yosakaza. Pamalo pamene liwu limodzili laima, Chichewa chili ndi kuchotsa, kutaya, kubisa ndi kufufuta, ndipo kompyuta imachitadi zonsezi mosiyanasiyana. Kuchotsa ndiko kusuntha chinthu pamene chinali. Chingathe kukhalapobe kwina. Mukachotsa dzina la fayilo pamndandanda wa zotsitsa mu browser, fayilo yeniyeniyo imatsala m'foda ya Downloads. Ndaonapo mafoda otere m'mashopu, odzaza ndi zithunzi za ziphaso za unzika, masatifiketi a MSCE ndi makalata a kubanki, zonse za anthu amene anachoka akunena kuti adilita. Mtima unandipweteka, chifukwa ambiri mwa anthu amenewa anayesetsa kusamala. Chinawapusitsa ndi liwu. Kutaya ndiko kuponya fayilo mu Recycle Bin: yatayidwa, inde, koma chotayidwa chimatoleka, ndipo wotola safunika luso lililonse. Kubisa ndiko kuchititsa kuti chinthu chisaoneke chili pomwepo. Kufufuta kokha ndiko kumathetsa cholembedwa, ngakhale kuti pamenepanso akatswiri okhala ndi zipangizo zawo nthawi zina amatha kutukula zimene zinafufutidwa ngati pamalopo sipanalembedwe zina.

Wofuna kufufuta zimene browser yasunga adine Ctrl, Shift ndi Delete pamodzi. Patuluka bokosi lomufunsa zinthu ziwiri: afufute ziti, ndiponso kuyambira liti. Apa ambiri amapunthwa, chifukwa amafufuta za ola limodzi lapitalo pamene iwo akhala akubwera pashopupo kuyambira mwezi watha. Ndipo amene analowetsa akaunti yake ya Google mu Chrome momwemo, n'kulola kuti zigwirizane ndi za pafoni yake, wasamutsira mawu ake achinsinsi onse m'kompyuta ya eni. Ameneyo kufufuta mbiri yokha sikumukwanira. Achotsemo akaunti yonseyo asananyamuke.

Pali njira ina imene Chrome imaitcha Incognito, Firefox n'kumaitcha Private, ndipo achinyamata athu amauzana kuti ukalowa mmenemo suoneka. Si zoona, ndipo bodzali lamera mizu chifukwa chosowa liwu loyenera. Njirayi sibisa munthu. Imangoletsa browser kulemba mbiri, ndipo cookies za ulendo umenewo zimafufutika zenera likatsekedwa. Eni tsamba amakuonanibe, kampani imene ikukupatsani intaneti imadziwabe kumene mwalowera, ndipo zimene mwatsitsa zimatsala m'foda. Tinene kuti ndi zenera losasunga mbiri, osati lobisa. Likatchulidwa choncho munthu adziwa polidalira ndi posalidalira. Pakompyuta ya m'shopu ndi loyeneradi kuligwiritsa ntchito, bola pomaliza atseke mazenera ake onse.

Za cache sindichulutsa gaga m'diwa. Ndi makope a zithunzi ndi zidutswa za masamba amene browser imasunga kuti mukabwerera isazitsitsenso, ndipo potero imakupulumutsirani bandulo. Wokonza mafoni akati "ndikiliya cache", akutanthauza kuti afufuta makope amenewa kuti papezeke malo. Zithunzi za ukwati wanu sazikhudza. Akanangonena choncho, agogo ambiri sakanapereka foni mtima uli m'mwamba.

Liwu lina limene landikwana ndi "kucheka". M'Chichewa timacheka nyama, timacheka matabwa, timacheka nanazi wa kuno kwathu. Koma lero mumva bambo wamkulu ndithu akuti, "Ndimafuna ndicheke foni ya mayi akunyumba." Liwuli lasanduka chophimba khalidwe limene likanatchulidwa ndi dzina lake likanachititsa manyazi. Kuyang'ana mbiri ya browser yako kuti upeze tsamba limene waliiwala ndi kufufuza, ndipo n'kwabwino. Ndikulimbikitsa aliyense kuti tsiku lina akhale pansi aone zimene makina ake akudziwa za iye. Kholo kuona zimene mwana wamng'ono akutsegula ndi kuyang'anira, ndipo ndi udindo. Koma kutsegula mbiri ya mnzako iye osadziwa ndi kusuzumira, ndipo dzina lakuti wosuzumira palibe amalinyadira. Kuwerenga imelo ya kasitomala amene waiwala kutuluka, kapena kukopera chiphaso chake, kumeneko ndi kuba, ndipo tizikutchula choncho. Malamulo a dziko lino nawonso sali chete. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'zinthu za munthu za pakompyuta popanda chilolezo, ndipo mu 2024 kunabwera la Data Protection Act, limene linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira mmene mbiri za anthu zikusungidwira. Malamulowa analembedwa m'Chingerezi. Pa Chinakanaka adzafika kudzera pakamwa pathu, ndipo ngati pakamwapo pali "kucheka" ndi "kudilita" basi, adzafika opunduka.

Palinso za kalembedwe, ndipo sizili kutali ndi nkhani yomweyi. Browser ndi foni sizidziwa cholondola ndi cholakwika. Zimasunga chimene mwalemba n'kukubwezerani mawa ngati chithandizo. Mukalemba "kusungila" lero, mawa mukangoyamba "kusu", makina akupatsani "kusungila" yemweyo, inu n'kudina, cholakwika n'kukhazikika. Lamulo la l ndi r si lovuta. M'kati mwa tsinde ndi m'mathero a mneni, pambuyo pa i ndi e timalemba r, pambuyo pa a, o ndi u timalemba l. Choncho ndi kusungira, kutsekera, kufufutira, kulembera. Koma kutsegula, kutola, kuiwala. Kusankha pakati pa -ira ndi -era nakonso si kwachisawawa. Lembo laliwu lomaliza m'tsinde, kupatula a wakumapeto, likakhala e kapena o, timati kutsekera, kulowera, kuchotsera. Likakhala a, i kapena u, timati kutayira, kubisira, kusungira. Khutu la mwana wa mkaka limadziwa kale zimenezi, chala cha wamkulu ndicho chikuiwala. Onjezerani pamenepo matenda odula mawu, "kut" m'malo mwa kuti, "ndy" m'malo mwa ndiye, "zkm" m'malo mwa zikomo, ndi kusokoneza kufufuza ndi kufufuta, aneni osiyana lembo limodzi koma wina amafunafuna pamene mnzake amathetsa. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, ndipo makina a mtundu umenewu amaphunzira kuchokera ku zimene anthu alemba. Zimene tikulemba mosasamala lerozi ndizo zidzaphunzitse makina, makinawo n'kudzaphunzitsa adzukulu athu.

Kwa inu eni mashopu a pa Chinakanaka, pa Chitakale, pa Nkando ndi pa Limbuli, wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pempho langa n'laling'ono. Tengani pepala limodzi mwa amene mumasindikizira anthu, mulembepo Chichewa chomveka, mumate pamwamba pa kompyuta: "Musanachoke, tulukani mu akaunti yanu; kutseka tsamba si kutuluka. Kompyuta ikapempha kusunga mawu anu achinsinsi, kanani. Zimene mwatsitsa tiuzeni tifufute inu mukuona." Madzulo poweruka fufutani mbiri ndi cookies, mufufutenso za m'foda ya zotsitsa, kenaka mukhuthule Recycle Bin. Aphunzitsi a Chichewa ndi aphunzitsi a kompyuta m'masekondale athu azikhalako pamodzi ngakhale kamodzi pateremu, wina abwere ndi makina wina ndi aneni, kuti mwana aphunzire batani ndi liwu lake tsiku limodzi.

Ndipo inu amene browser yanu yasunga kale mawu olembedwa molakwika, mankhwala alipo. Liwulo likatulukira pansi pa malo olembapo, lisankheni ndi batani la muvi woloza pansi, mudine Shift ndi Delete, lifufutika. Pafoni likanikizeni ndi chala kwa kamphindi mpaka ikufunseni ngati lichotsedwe. Kenaka mulilembenso bwinobwino, r pamalo pake, l pamalo pake.